M2 yatsopano: ndiinyengerere kaye kapena ndingoiponda moto?

Bambo a Tadala: Anthu a Mulungu mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani koma musandiseke. Lachisanu ndinakatenga galimoto ija ndakhala ndikukusokosani nayo chaka chonse chino, BMW M2, ya zero zenizeni, pomwe amandipatsa makiyi pa wotchi panali 14 km basi. Zaka 16 ndili ku Joni kuno ndikungogula zoti wina anayamba wakhalapo, nde iyi ndiyoyamba kuvula ndekha mapulasitiki a pa mipando. Vuto langa nali. Mnyamata amene anandigulitsayo akuti galimoto za masiku ano za running in, kuja koyendetsa galimoto yatsopano mosamala makilomita oyambirira, zinatha kalekale, ingoyendetsani mmene mukufunira bola mubwere nayo pa 2,000 km. Koma nditafika kunyumba ndinatsegula buku lake likunena zina, akuti mpaka 1,000 km osadutsa 5,000 rpm (ma rev, kuzungulira kwa injini pa mphindi) komanso 170 km/h, kuchoka apo mpaka 2,000 km osadutsa 6,000 rpm, osaponda mafuta mpaka pansi, launch control, ija yonyamukira ndi mphamvu zonse galimoto itaima, osaiyerekeza. Nde ine pulani yanga inali yoti pa 18 December ndinyamuke nayo wa kumudzi, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Mwanza mpaka Blantyre, ulendo umenewo ukhale running in yakeyo, mbalame ziwiri mwala umodzi. Akuluakulu odziwa injini ndithandizeni maganizo, pano yafika 210 km.

Mfana wa Kabaza: Eeeeh biggie mwatipha!! Zithunzi kaye nkhani pambuyo kkkk

Shemu wa Area 25: Zabwino zonse akulu. Ife a Vitz tingowerenga chamumtima

Dolo wa Turbo: Akulu musamvere za m'buku zimenezo, amalemba ndi maloya osati mainjiniya, akungodziteteza kuti mukaigwetsa mu ngalande tsiku loyamba musawasumire. Injini yatsopano imafuna kuimenya ikadali yanthete. Itenthetseni bwinobwino kenako giya 2, 3, 4 pondani mpaka pansi, siyani itsike yokha, bwerezani kangapo, maring'i a pisitoni akhazikika pompo. Mukamainyengerera ngati mkwatibwi imazolowera ulesi, mudzapezeka mukudutsidwa ndi Polo pa robot inu muli mu M2 zamanyazi

Madala a Sipanala: Dolo, mwana wanga, injini zingati wamasulapo ndi manja akowo?

Dolo wa Turbo: Madala musayambe kkkk ndaonera zambiri

Madala a Sipanala: Kuonera ndi kumanga ndi zinthu ziwiri. Koma ndisakunyoze, pa zomwe wanenazo pali kachoona kake pang'ono ndipo ndikuuza komwe kali. Bambo a Tadala mverani. Ine ndayamba kugwira sipanala ku Ndirande ndevu ndilibe, maminibasi amene ndawapanga ovaholo sindingawawerenge. Mkati mwa silinda yatsopano simukhala mosalala ayi, amakandamo dala timizere topingasana ngati malukidwe a lichero. Timizere timeneto ntchito yake ndi iwiri, kusunga kaoyilo komanso kupala maring'i pang'onopang'ono mpaka ring'i ndi khoma zigwirane ndendende. Tsono chimene chimakankhira ring'i ku khoma si kulimba kwa ring'iyo kokha, ndi mphamvu ya moto uja ukaphulika pamwamba pa pisitoni, mpweya umalowa kuseri kwa ring'i nkuikankhira kunja. Ndiye injini ikamangolira pamalo amodzi osakoka kanthu mphamvu imeneyo imachepa, timizere tija timatsekeka ndi oyilo wopserera, khoma limasalala ngati galasi ring'i isanakhazikike. Ikatero basi injini imeneyo idzamwa oyilo mpaka mudzaimasulenso. Ine ndinalakwitsapo zimenezi ndili mnyamata, minibasi ya bwana wina nditaimanga ndinaisiya ikulira usiku onse pa galaja ati ndikuipanga running in, ndinagona mmenemo ndikudziona ngati katswiri. Patangotha mwezi inayamba kufuka utsi wa buluu ngati akuwotcha matayala, ndinaimasulanso ulere, maring'i ndinagula ndi ndalama yanga. Choncho Dolo akamati injini imafuna ntchito sakunama. Pomwe akunama ndi poti ntchito yake ikhale kuimenya.

Dolo wa Turbo: Mwaona, madala avomereza

Madala a Sipanala: Ndavomereza theka, usathawe nalo lonse

Mfana wa Kabaza: Madala zomwe mukunenazi ndi zomwenso timakangana pa siteji. Njinga yatsopano ena amati sabata yoyamba osanyamula anthu awiri, ena akangoitulutsa mu shopu matumba atatu a makala ulendo wa ku Mitundu. Za anyamata a makalawo sizichedwa kuyamba kulira ngati chigayo

Anachisale ku Coventry: Moni nonse, zabwino zonse achimwene a Tadala. Ndalowa mochedwa ndinali ku shifiti. Ntchito yanga kuno ndi yoyesa zipangizo za galimoto zisanapite kokamangidwa nde nkhani iyi yandikhudza pamtima kkk. Zomwe anena madala ndi zoona zonse, ndingowonjezera kuti injini ya mu M2 yanuyo, S58 ija ya 3.0 ya masilinda 6 ndi ma turbo awiri, ilibe ma sleeve achitsulo olowetsa mu silinda ngati a minibasi, makoma ake amachita kupopera chitsulo chosungunuka kagawo kopyapyala pa aluminiyamu kenako nkusalaza ndi makina olondola kwambiri. Nde maring'i amakhazikika msanga kusiyana ndi injini zakale, apa ndi pomwe mnyamata wogulitsa uja akutengera nkhani yake. Koma anthu amaiwala kuti galimoto si maring'i okha. Muli ma bearing, muli giyabokisi, kumbuyoko kuli difu, yogawa mphamvu ku matayala, yomwe mano ake sanadziwanepo ndi kale lonse, ndipo mphamvu yonse ya injini imeneyo imathera pa matayala awiri akumbuyo kudzera mu difu yomweyo. Mano atsopano akamapalana amatentha ndipo amagwetsa tizitsulo tosaoneka ndi maso, nchifukwa chake pa sevisi ya 2,000 km ija sachotsa oyilo wa injini ndi fyuluta zokha, amakhuthulanso oyilo wa mu difu. Ma BMW wamba alibe sevisi imeneyi, ndi a M okha, amphamvu aja ngati M2 yanuyo. Mukuganiza kampani ingamawononge oyilo ndi nthawi ya makaniko pa galimoto iliyonse chifukwa cha maloya?

Dolo wa Turbo: Sisi nanga bwanji injini za mpikisano amangoimanga kuika pa dyno, makina oyezera mphamvu aja, nkuikuwitsa tsiku lomwelo? Komanso Honda NSX inkatuluka ku fakitale yokonzeka kale kupita pa track

Anachisale ku Coventry: Wadziyankha wekha Dolo. NSX inkatuluka yokonzeka chifukwa injini yake ankaiyendetseratu pa benchi ku fakitale isanalowe mu galimoto, running in inkachitika ndithu kungoti ankachita ndi wina. Ndipo ngakhale pa dyno sayamba ndi kuikuwitsa, amakweza pang'onopang'ono akuyang'ana kutentha ndi pressure ya oyilo. Kenako injini ya mpikisano ikagwira maola ake owerengeka amaimasula yonse kuika zatsopano. Achimwene a Tadala akufuna yawo iwafikitse 200,000 km osati Lamlungu likubwerali. Tayang'ana makampani enawo, Porsche amati 3,000 km, AMG 1,500 km osadutsa 140 km/h, GR86 ya Toyota 1,600 km pansi pa 4,000 rpm, Golf R amati 1,000 km yoyamba osaponda mpaka pansi. Corvette yatsopano ija ya injini pakati anachita kufika pomanga galimotoyo manja, 800 km yoyamba kompyuta imachepetsa yokha mphamvu mu giya 1 ndi 2 chifukwa anadziwa kuti anthu ngati iwe alipo kkkk. Ajeremani, Ajapani, Amereka onsewa maloya awo anakhala pansi nkugwirizana bodza limodzi?

Shemu wa Area 25: Dolo wagwa nayo kkkkkk

Dolo wa Turbo: Sindinagwe ndangoterereka

Bambo a Tadala: Zikomo madala, zikomo achemwali. Ndamva ndipo kuimenya sindiimenya, mtima wake ndilibe, galimoto ya ndalama ngati imeneyi ngakhale kutseka chitseko ndikumachita kupepesa. Nde ngati nkhani ndi kuyenda modekha ulendo wa kumudzi uja si ndiye wabwino? Ndiika cruise control pa 120 phee mpaka Musina, injini ili cha m'ma 2,000 rpm, palibe kuivutitsa

Madala a Sipanala: Ayi ayi ayi. Apo ndiye mwabwerera ku minibasi yanga ija, kusiyana kwake nkoti yanu ikuyenda

Anachisale ku Coventry: Eya, werenganinso bukulo achimwene, mawu oyambirira penipeni akuti muzisinthasintha liwiro ndi ma rev. Anthu amangoona nambala ya 5,000 nkuiwala chiganizo chimenecho. N1 kuchoka Pretoria kupita Polokwane ndi msewu woongoka, giya 8, phazi osasuntha maola opitirira awiri, injini ili pa rev imodzimodzi ngati jenereta. Sikuti iphulika ayi, koma mwa njira zonse zoyambitsira injini imeneyo ndiye yosathandiza. Chofunika ndi chakuti izikoka kenako izipuma, mukwere mtunda mu giya 3 kapena 4 phazi lili theka mpaka 4,000 kapena 4,500, musiye mafuta itsike yokha ndi giya, mukwezenso. Gwiritsani ma paddle aja osinthira giya kuseri kwa chiwongolero, musaisiyire giyabokisi chifukwa iyo mu D imathamangira giya yapamwamba kuti isunge petulo. Ndipo mbali inayi ndi yoipanso, kuponda kwambiri ma rev ali pansi pa giya yaikulu, injini ya turbo imakankha mwamphamvu ngakhale pa 2,000 rpm nde ma bearing ndi amene amamva kuwawa. China chachikulu kuposa zonsezi, oyilo atenthe kaye. Osati kuiliza pa geti mphindi 15 mukumwa tiyi, ingolizani, mangani lamba, nyamukani modekha, ikatentha ndi pomwe muziyamba masewera anuwo. Timaulendo ta 2 km topita kukagula buledi tisiyeni kaye, tengani bakkie.

Mjomba wa Mathiraki: Ndakhala chete ndikuwerenga, tsopano mwafika pa msewu wanga ndiloleni. Bwana, njira imeneyo ndimaidutsa kawiri pa mwezi chaka cha 11 chino. Za ma rev ine sindilowererapo, yanga ikafika 2,000 ndiye kuti ndalakwitsa giya. Koma tiwerenge limodzi. Joni mpaka Blantyre ndi makilomita opitirira 1,700. Inu muli pa 210 ndipo mpaka pa 18 muyendayendabe, tinene kuti munyamuka muli pa 600. Ndiye kuti 2,000 ikukwanirani muli cha ku Nyamapanda kapena ku Tete. Sevisi yanu ija mukapangira kuti, pansi pa mlambe ku Changara? Mukafika kumudzi muzungulira kwa achibale, ku nyanja simulephera ndikukudziwani, pobwerera 1,700 ina, mukufika ku Joni wotchi ili 4,500 oyilo akadali woyamba uja achemwali akuti muli tizitsuloyu. Chachiwiri, Beitbridge ya December si malo. Mukhoza kuima pa mzere maola ambirimbiri dzuwa lili pamutu, ndipo simuzimitsa injini chifukwa mufuna aircon, ndiye ndi zija akukana madalazi. Ku Tete nyengo imeneyo kutentha kumadutsa 40, ife timaima kudikira matayala azizire. Chachitatu maenje. Pali zigawo pakati pa Cuchamano ndi Tete komanso kupita ku Zobue zomwe mvula ikangoyamba dzenje lake thiraki imachita kulowa ndi ulemu. Inu matayala anu ndi opyapyala ngati lamba wa buluku, 19 kutsogolo 20 kumbuyo, ndipo tsegulani buti muone ngati muli sipeya. Mulibe. Muli kabotolo ka guluu ndi kapampu. Tayala likang'ambika m'mbali kabotolo kameneko ndi kokongoletsa chabe, ndipo saizi imeneyo simuipeza pa Moatize, mudzadikira ichokere ku Joni pa thiraki yanga yomwe.

Shemu wa Area 25: Mjomba mwaiwala mabampu a kuno. Ija yotsika ngati ng'ona idzafika ku Chirimba ilibe bampala

Mfana wa Kabaza: Komanso petulo biggie. Mudzaima nafe pa mzere ndi zigubu kkkk M2 pakati pa njinga 60

Bambo a Tadala: Inu anthu mukundithera mtima. Chaka chonse ndakhala ndikulota ndikutsika pa Mwanza ndi galimoto imeneyi amalume anga aione, anandiperekeza pa depoti ya Wenela mu 2009 ndili ndi kachikwama kamodzi

Abusa a Gulu: Amalume adzaiona Isitala, sikuthawa. Kuthamanga sikufika bambo

Dolo wa Turbo: Abusa mwambi umenewo pa gulu la magalimoto othamanga ayi, tikuchotsani kkkk

Mjomba wa Mathiraki: Za petulo mfanayo akuseka koma ndi nkhani. Ku Gauteng mwazolowera kusankha 93 kapena 95, ndipo yanuyo ndi ya 95 basi. Mukawoloka Limpopo mumathira amene mwamupeza. Wa ku Zimbabwe ndi wosakaniza ndi ethanol, wa kumudzinso chimodzimodzi, uja wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi Nchalo, nkhani yakalekale imeneyi. Kusakanizako pakokha si tchimo, galimoto zambiri zikuyendera yemweyo, choopsa ndi tsiku lomwe pa filling station palibe ndiye mwagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu osadziwa kuti muli chani. Injini yoti sinakwanitse ndi mwezi omwe. Komanso ngati galimotoyo ndi ya ngongole ya banki simutuluka nayo pa boda opanda kalata yawo yovomereza, ndipo a inshuwalansi muwafunse ngati akukuphimbani mayiko atatu onsewo. Musadzatulukire pa windo la kasitomu

Bambo a Tadala: Ya banki mjomba, ndani angatulutse cash yonse ija

Anachisale ku Coventry: Ndiye poti ndi ya banki mverani ichinso. Galimoto zimenezi zimasunga mbiri mu kompyuta yake, makaniko akalumikiza laputopu amaona zambiri za mmene yakhala ikuyendera komanso kuti sevisi inachitika pa makilomita angati. Anzathu a Porsche amachita kuwerenga kuti injini inadutsa malire a ma rev kangati ndipo ogula second hand amafunsa lipoti limenelo asanapereke ndalama. Sindikuti mukadutsa 5,000 kamodzi mwangozi podutsa thiraki ndiye waranti yatha, ayi musachite mantha choncho. Koma kudumpha running in service ndi makilomita 2,500 kenako difu nkuyamba kulira, mukakambirana nawo movutika. Ndipo tsiku lomwe mudzaigulitse munthu wodziwa ma M chinthu choyamba kufunsa ndi chimenecho, sevisi yoyamba inachitika pa angati. Motorplan, pulani ya BMW yolipirira masevisi, muli nayo ya zaka 5 kapena 100,000 km, sevisiyo simulipira kanthu, bwanji kuitaya?

Madala a Sipanala: Pali zina ziwiri zomwe simunazitchule, mabuleki ndi matayala. Izi ndiye zimapha anthu, maring'i sanaphepo munthu. Tayala latsopano limakhala loterera pamwamba, silinagwire msewu bwino, ndipo ma pad atsopano sanakhale pa disiki mokwanira. Munthu watenga galimoto yamphamvu lero, mvula ya ku Joni ija yamadzulo yagwa, akufuna aonetse anzake pa kona, basi nkhani yathera pa mtengo wa magetsi

Anachisale ku Coventry: Zoona madala, bukulo limanenanso, matayala 300 km yoyamba, mabuleki pafupifupi 500 km. Achimwene muli pa 210 nde simunatuluke ngakhale mu gawo la matayala. Ndipo DSC ija yothandiza kuti galimoto isaterereke musaizimitse, kabatani kofiira ka M pa chiwongolero kasiyeni kaye

Bambo a Tadala: Kkkk ndinakadina kamodzi Loweruka pa R21 ndikuvomera, galimoto inasintha mawu ngati yalowa ziwanda ndinakabweza pompo

Dolo wa Turbo: Akulu kadineninso mujambule tiimve

Admin: Dolo ukapitiriza ndikuika pa mute. Komanso tikumbutsane, 170 ya m'bukuyo ndi malire a injini osati chilolezo. Freeway ya ku South Africa ndi 120, ndipo mukapezeka mwadutsa 160 sakulemberani tikiti, mumakwera kumbuyo kwa van. Sitikufuna kusonkherana ya belo pa gulu pano, ya maliro ikutikwana kale

Mjomba wa Mathiraki: Bwana ngati mukufunabe kupita nayo njira ilipo imodzi. Lero ndi pa 25 November. Malizani 2,000 yanuyo konkuno musananyamuke, 100 km pa tsiku kwa masabata awiri ndi theka yakwana. Koma bukani sevisi lero lomwe chifukwa pakati pa December Joni yonse imatseka ndipo aliyense amafuna galimoto yake ionedwe asanapite ku holide. Za maenje ndi sipeya ndanena kale sindibwereza, khosi ndi lanu

Anachisale ku Coventry: Ndipo misewu yabwino ya ntchito imeneyi muli nayo pafupi. Hartbeespoort ndi Magaliesburg Loweruka mmawa, kukwera kutsika makona, giya ikusinthasintha yokha. Mukafuna wautali pitani ku Mpumalanga mukakwere Long Tom Pass pakati pa Lydenburg ndi Sabie, kupita ndi kubwera mwadya 700 km kapena kuposa, ndipo mukafika pamwamba mutakoka musazimitse nthawi yomweyo, yendani modekha makilomita angapo omaliza ma turbo apume. Muziyang'ananso oyilo pa sikirini, injini yatsopano kumwako pang'ono si zachilendo. Mukadutsa 1,000 yambani kuikweza mpaka 5,500, 6,000 mwa apo ndi apo, isafike pa sevisi isanalawepo. Ikatuluka ku sevisi musalumphire 7,200 pa geti pomwepo, kwezani masiku angapo. Kenako mukafuna kuimva zenizeni lipirani track day, tsiku lothamanga pa bwalo la mpikisano, ku Zwartkops, kumeneko kulibe ma taxi kulibe apolisi, mumutenge Dolo akaone kuti kuyendetsa si kuonera pa foni

Dolo wa Turbo: Tikiti ya basi munditumizire ndibwera

Shemu wa Area 25: Funso la ife osauka, Vitz yanga inabwera ndi 96,000 km kuchokera ku Japan, running in ndiyambire pati?

Madala a Sipanala: Iwe yako anakuchitira kale agogo ena a ku Osaka, ungosintha oyilo uzithokoza

Bambo a Tadala: Chabwino ndamva. Ndaimba, andipatsa pa 12 December 7 koloko mmawa. Kuyambira mawa ku ntchito ndizidzera njira yaitali. Ndidzakuuzani

Bambo a Tadala: Anthu anga ndabweranso, lipoti lija. Dzulo inalowa sevisi ili pa 1,987 km, ndinachita kuzungulira Kempton Park Lachinayi usiku ngati wakuba kuti ikwane. Long Tom ndinapita ndi Tadala, tinanyamuka 4 koloko mmawa, pamwamba paja panali nkhungu yoti bonati osaiona ndinayenda 40 ngati thirakitala, koma potsikira ku Sabie kunayera ndipo achemwali zija mumanena za giya 3 ndi 4 ndinazimva, galimoto imachita ngati ikukupempha kuti uwonjezere ndipo kudziletsa pa 5,000 ndi ntchito yoposa kusala kudya. Mwana anasanza kawiri koma akuti tidzapitenso. Ku sevisi ndinapempha makaniko kuti andionetse oyilo wa mu difu pokhuthula, anandilowetsa mwakachetechete, madala oyilo wake anali wotuwa ndipo atawalitsa tochi ya foni munkanyezimira tinthu ngati ufa wa siliva. Ndinafunsa ngati chaonongeka china anaseka akuti zonse zimatuluka choncho ulendo woyamba. Nditaganiza kuti ndimafuna kupita nazo zimenezo ku Blantyre nkubwera nazo ndinangoti phee. China chomwe ndaona, mafuta ikumwa mocheperako kusiyana ndi sabata yoyamba, kaya ndi injini yamasuka kaya ndi phazi langa laphunzira

Madala a Sipanala: Zonse ziwiri. Mukanatenga kabotolo ka oyilo ameneyo timutumizire Dolo azipaka

Dolo wa Turbo: Ine ndikuti mukanaimenya tsiku loyamba bwenzi pano ikuuluka, koma poti gulu lonse landiukira ndakhala chete. Nde launch control mwayesa?

Bambo a Tadala: Sindinayese, Zwartkops January

Mjomba wa Mathiraki: Nanga pa 18 zili bwanji, tikumana pa Beitbridge? Ine ndikunyamuka pa 17 usiku, mvula yayamba kale ku Tete ndadutsako sabata yatha, dzenje lina pafupi ndi Changara anthu aikamo nthambi kuti lizioneka

Mayi a Tadala: Moni nonse, ine ndimangowerenga sindiyankhula pa gulu pano koma apa ndiyankhe ndine. Pa 18 tikunyamuka pa Hilux. Ndili ndi mabulangete 6, mafuta ophikira, mapoto a amayi, njinga ya mwana wa achemwali anga ndi ana awiri, mundiuze inu akatswiri kuti zimenezi zilowa pati mu galimoto ya zitseko ziwiri. Iyo itsala mu galaja ataifunditsa nsalu yake ija anagula R2,000 pomwe ine ketulo ndikupempha kuyambira August

Shemu wa Area 25: Kkkkkkkk khoti lalikulu lagamula

Abusa a Gulu: Amen mayi

Bambo a Tadala: Ketulo ndigula lero mayi, nkhani za m'nyumba pa gulu ayi

Anachisale ku Coventry: Achimwene poti ikhala masabata atatu osayenda, musaisiye ndi thanki yopanda kanthu, matayala muwonjezere mpweya pang'ono, ndipo ngati muli ndi chaja ya batire ija yosiya pa soketi ilumikizeni. Makiyi musasiyire mlamu aliyense

Mfana wa Kabaza: Biggie poti mwasintha mukubwera pa Hilux, kumbuyoko malo atsalako? Pali ka sipika kanga kali kwa msuweni wanga ku Tembisa chaka chachiwiri chino, sikakakulu kwenikweni, mungodutsa mukatenge ndikakudikirani pa Zalewa

Mayi a Tadala: Kakulemera makilo angati